Malo Otchedwa Madamu

Ndinataya mkazi. Ndinataya wondiuza kuti malaya awo ayi, womudandaulira za abwana, ndi munthu woima pa siteji ndikamalozetsa nyali. Chomalizachi obwera kudzapepesa sanachitchule, koma n'chimene chinayamba kuonekera.

Ndimagwira ntchito pa loji ina ku Nkopola, m'holo ya maukwati ndi misonkhano. Malo anga ndi kumbuyo, pa makina oyendetsera nyali. Kuwala kulikonse kumene kudzafunike, kolowera akwati, kodulira keke, kwa wolankhula, ndimakukonzeratu n'kukusunga m'makinamo motsatana. Timati makyu. Tsiku la mwambo ndimangodina batani, kyu yotsatira n'kubwera.

Ku koleji anatiphunzitsa kusadzivutitsa. Pamene nyali ziloze umapasunga kamodzi n'kupapatsa dzina, ndipo makyu onse amatengera pamenepo. Ukasintha malowo, makyu onse asintha okha. Nzeru imeneyi ndinkainyadira, moti ndinkaifotokoza ngakhale kunyumba, kwa munthu amene sanafunse.

Koma nyali sulozetsa pa mpweya, pamafunika nkhope. Mkazi wanga ankagulitsa zitenje pafupi ndi geti, choncho ogula akachepa ndinkamuitana. Ankaima pakati pa siteji, manja ali m'chiuno.

"Lero ndine ndani?"

"Mkwatibwi."

"Ndikwatiwenso? Chabwino, koma ulendo uno mundipezere wa galimoto."

Anali wamfupi. Malowo ndinawasunga pa msinkhu wake, n'kuwalemba dzina loti Madamu. Wolankhula akakhala wamtali ndinkangokweza nyali ndi dzanja pa nthawiyo, osasunga.

Lole imene mkazi wanga anakwera popita ku Makanjira kukaona amayi ake inagubuduzika panjira. Za maliro sindilemba.

Nditabwerera kuntchito abwana anandipeza pa makina. Pamene kunalibe ine, mnzanga wa zokuzira mawu ndiye ankadina batani, ndipo za kukweza ndi dzanja sankazidziwa.

"Achimwene, pepani ndi zovuta zija," anatero abwana. Anadikira pang'ono, monga mwa ulemu. "Koma mlendo wolemekezeka tinamuwalitsa tayi yokha. Mutu unalankhulira mumdima. Paja munkati makina anuwa kusintha n'kamodzi?"

"N'kamodzi, bwana."

"Ndiye sinthani. Ndiima ineyo."

Anakwera pa siteji, munthu wamtali, n'kuima pomwe paja. Kuwala kunawagwera pamimba. Ndinakweza nyali mpaka nkhope yawo inaoneka bwino, ndipo makina anandifunsa ngati ndikufuna kusunga zatsopanozi m'malo mwa zakale. Batani lake linali pansi pa chala changa. Kulidina, msinkhu wa mkazi wanga ukanachoka m'makyu onse nthawi imodzi, mwaukhondo, ndendende mmene anatiphunzitsira.

Ndinasunga malo ena atsopano, n'kuwatcha Mlendo. Kenako ndinayamba kutsegula makyu imodziimodzi, ya keke, ya mphatso, ya pemphero, kuichotsa pa Madamu n'kuiika pa Mlendo. Abwana anatsika, anapita kukadya, anabwerako, ine ndidakali pomwepo.

"Kamodzi kaja ndi kameneka?"

"Makina akuvuta, bwana."

Anayang'ana makinawo, anandiyang'ana ine, n'kutuluka.

Tsopano alendo onse amaoneka mitu. Madamu alipobe m'makina, kyu yotengera pamenepo palibe. Aphunzitsi athu akanati ndi zinyalala zofunika kufufuta.

Masiku ena m'mawa ndikamayesa nyali holo ili yopanda anthu, ndimadina pa Madamu. Nyali zimatembenuka n'kuwerama pang'ono, kuloza pamene palibe munthu. Mkazi wanga anaimapo komaliza tsiku la ulendo lomwelo, chikwama chili paphewa, ine ndikuti adikire ndimalize kyu imodzi. Anaphimba maso ndi dzanja n'kuyang'ana kumbuyo kwa holo kumene ndinali.

"Inu mukundiona, koma ine sindikukuonani. Zimitsani, bambo, lole indisiya."