Kumbuyo kwa Malume Okoka Khoka

M'masiku a Chitaganya, mzungu wa ku boma anatibweretsera kalaliki wake kuti akhale mphunzitsi wa timu yathu ya mpira ku Liwaladzi. Kalalikiyo anali ndi wezulo ndi nsapato zonyezimira, koma analamula kuti tizikonzekera Lachisanu masana, nthawi imene theka la timu limakhala ku mzikiti.

Titadandaula, mzungu anati aliyense aime kumbuyo kwa munthu amene akumufuna kuti akhale mphunzitsi. Ine ndinadutsa kalaliki uja n'kukaima kumbuyo kwa malume anga, amene ankatsogolera nyimbo tikamakoka khoka. Akhristu anzanga ananditsatira, Asilamu nawonso.

"Mkuluyu sadziwa malamulo a mpira," anatero mzunguyo.

"Koma amatidziwa ife, bwana," ndinayankha.

Malume anakhaladi mphunzitsi wathu, ndipo masewera oyamba tinagonja mochititsa manyazi. Atandifunsanso lero, ndikhoza kukaima pomwepo.