Mawu a M'tsekera

Mliri wa Covid unandipeza ku Doha, m'nyumba ina ya ku Bin Omran, ndikusamalira nkhalamba ya ku Holland, a Hendrik. Ndine namwino. Mwana wawo anali atatsekeredwa kunja, ndege zitaima. Tinatsala awiri, ine ndi a Hendrik.

A Hendrik anabadwira pachilumba cha Java, ndipo anathawako nkhondo ali mwana. Moyo wawo wonse unathera pa kulemba mabuku a anthu a kumeneko: magule awo, maliro awo, zidole zachikopa zimene amazivinitsa kuseri kwa nsalu. Pa chakudya anali ovuta, koma mafunso sankatopa nawo. Kabuku kolembamo sikankachoka pamiyendo pawo.

Tsiku lina masana, msewu uli zii, anandiwerengera zimene analemba kale. Ankati kumidzi ina ya ku Java, ukamva dzina lako kuthengo koma woitanayo osamuona, suyankha.

"Kwanunso ziliko?" anandifunsa.

Ndinati ziliko. Ndipo ndinawauza zimene ndinali ndisanauzepo munthu.

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Angonia, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo. M'mawa umenewo ndinkasenda kachewere pakhonde. Mfuti zinayambira kuchigayo. Nkhuku zinabalalika anthufe tisanadziwe kanthu.

Mayi anabereka khanda kumsana. Ine anandipatsa dzanja la mng'ono wanga Esinati, wa zaka zisanu.

Tinalowa m'tsekera, udzu wautali kuposa mayi. Othawa tinalipo ambiri, koma mnzako sunkamuona. Unkangomva udzu ukuswaya. Pakhwawa lina ndinaterereka n'kugwa. Nditadzuka, m'dzanja langa munalibe dzanja.

Ndinaima. Mfuti zinali zitaleka. Ngakhale mbalame sinkalira.

Kenako ndinamva dzina langa. "Rozina." Anali mawu aang'ono, osalira, ochokera kumanzere. Kachiwiri anachokera kumbuyo. Ndinayang'ana, udzu wokhawokha.

Ife tinakula tikuuzidwa kuti woitana wosaoneka si munthu, ukamuvomera wapita naye. Mayi anandimenyapo chifukwa cha zomwezi, tsiku lina tikutola nkhuni. Choncho ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinali mwana womvera, ndipo kumvera kumeneko ndimadana nako mpaka lero.

Anaitana kachitatu, motsitsa. Atasiya, ndinathamanga.

Nditafika pamenepa a Hendrik anatseka kabuku kawo, osalembamo kanthu. Anati zaka zonsezo ankalemba za mwambowo ngati chinthu chokongola, ndipo sanafunsepo kuti woitanayo zimamuthera bwanji. Anandipempha kuti ndimalize.

Ndinatsatira amayi ena a mtolo wa mapoto mpaka pamsewu wa phula wa m'malire. Kutsidya kunali Lizulu, ku Malawi. Mabasi ankadutsa ngati kulibe chachitika. Amayi ogulitsa kabichi anandimwetsa madzi m'mbale yoyezera nandolo.

Mayi ndinawapeza atakhala pansi kuseri kwa golosale, mapazi atatupa, khanda likuyamwa. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana dzanja langa.

"Sanakuitane?" anandifunsa.

Ndinati ayi.

Tinapulumuka atatu. Khanda lija lero ndi mphunzitsi, lili ndi ana akeake. Esinati tinamufunsa kwa aliyense wowoloka, sabata ndi sabata, mpaka mvula itagwa. Mayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo anamwalira akukhulupirira yankho langa.