Mkono wa Mayi Edith nyaManda

Mayi Edith nyaManda anabadwira ku Kande m'banja la asodzi. Sukulu analekezera sitandade 5, koma nyimbo za m'buku ankaziimba osayang'anamo. Atakwatiwa ku Chintheche analowa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ndipo kwa zaka makumi atatu panalibe maliro kapena matenda amene iwo sanafikeko ndi ufa wa chinangwa pamutu. Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali Mayi Agness, mkazi wa a Griffin.

Mu Januwale 2021 Kovidi anawagoneka Mayi Edith masabata atatu, koma anadzuka. Posakhalitsa a Griffin nawo anayamba kubanika. Apa n'kuti Mayi Edith atamva pa wailesi kuti kumayiko ena madokotala akuyesa kupatsa odwala madzi a m'magazi a anthu ochira. Osauza munthu, anakwera matola kukapereka mkono wawo kuchipatala. Namwino anawauza kuti chithandizo chimenecho pamenepo panalibe, koma magaziwo akanathandiza amayi obereka. Iwo anati, "Tengani, mwanangu. Si anga, ndi a Mulungu."

Anabwerako ndi kathonje pamkono wamanzere. Kathonje basi! A Griffin atamwalira, mphekesera inabuka yoti mayiwa ali m'gulu la anamapopa. Nkhani itafika kwa akulu a mpingo, amene anaimirira kuchitira umboni kuti anakaona kathonjeko anali Mayi Agness, munthu wodya nawo mbale imodzi. Mayi Edith anavomera kuti anakapereka magazi, koma za a Griffin sanatchule, poopa kumuwonjezera chisoni namfedwa. Mwa amayi onse amene anawasungirapo odwala panalibe amene anawaikira kumbuyo. Akulu a mpingo anawavula yunifolomu ya Umanyano.

Tisabise, zinawawawa koopsa. Mwana wawo Alice amati ankalira akuviika chinangwa. Komabe Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi ya kumbuyo n'kumaimba, popanda wowapatsa dzanja.

Mu 2023 matenda a shuga anawafooketsa. Anamwalira mwamtendere masana ena, atapemphera, atasiyanso pempho limodzi lokha: adzawasambitse ndi Mayi Agness.

Mayi Agness anabwera mozyolika, nayamba ntchitoyo. Atafika pa mkono wamanzere, Alice anawauza chapansipansi: "Ama, magazi aja ankafuna kuti akalandire a Griffin."

Mayi Agness anakhala pansi, mkonowo akadaugwira. Amayi ena anadikira panja mpaka madzi anazizira m'beseni.