Mpira Umene Ndinauyeretsa

Fungo la jiki silindikomera mpaka lero. Ndikangolimva, kaya m'chipatala mmene ndimagwira ntchito, kaya m'khitchini mwa mnzanga, ndimapezeka ndabwerera m'besimenti ija, nyumba ya pansi pa nyumba ina ku Brampton, ku Ontario, imene tinkachita lendi. Mazenera ake anali ang'onoang'ono, olingana ndi nthaka, moti munthu akamadutsa panja tinkangoona nsapato zake. Ndinali ndi zaka khumi. Sinowo, chipale chofewa chija, anali akusungunuka, madzi akuda akuyenderera m'mphepete mwa msewu, ndipo chaka chimenecho adadi anali atabwereranso pa bolodi ngati mphunzitsi.

Kwathu ku Dedza adadi anaphunzitsa histore kusekondale zaka zambiri. Kuno anatha zaka zisanu akunyamula makatoni m'weyahausi yosungiramo katundu, mapepala awo a uphunzitsi akungozungulira m'maofesi. Kenako sukulu ina ya sekondale ku Mississauga inawaitana. Mphunzitsi wina anali atadwala, ndiye ankafuna munthu wogwirizira kalasi yake kuyambira Febuluwale mpaka Juni. Ahedi anawauza mosabisa kuti akachita bwino malowo adzakhala awo, koma akalephera ndiye basi. Basiyo tonse m'nyumba tinkaidziwa tanthauzo lake, ngakhale ine: kubwerera ku makatoni.

Koma kalasi yakeyo, abale inu! Inali ya mbiri ya masewero a kuno, bezibo, yomenya kampira ndi ndodo, ndi futibo ya m'makoleji a ku America. Adadi, munthu amene akanatha kukuyalira mafumu a Amaravi ali chitsinzinire, anali asanagwirepo ndodo ya bezibo chibadwire. Futiboyo ndiye inkawapsetsa mtima kumene. "Mpira wanji wooneka ngati papaya?" ankatero. "Ati wa miyendo, koma aliyense waufungatira pachifuwa." Komabe Loweruka lililonse ankabwera kuchokera kulaibulale atasenza mabuku, n'kulemba manotsi m'kope la chikuto cholimba, mitu yonse n'kuidula mzere ndi bolopeni yofiira.

Kalasi yawo yoyeserera ndinali ine. Anagula kabolodi n'kukatsamiritsa pa makina ochapira zovala, ndipo tikangomaliza kudya ankandikhazika pa mpando, choko chili m'manja. "Bwerezani nonse!" ankatero, chonsecho m'chipindamo ndili ndekha. Motero ndinaloweza za anyamata a m'makoleji akale amene ankagundana mitu atavala tizipewa tachikopa, ena n'kuthyoka makosi, khamu likuombera m'manja. Iwo ankafunsa m'Chingelezi, ine n'kuyankha m'Chingelezi, koma ndikalakwa, kukalipa kokha kunkabwera m'Chichewa.

Kusukulu zinthu sizinkayenda. Ana ankawaseka adadi chifukwa chowakopetsa manotsi ndi kuwauza kuti abwereze pamodzi. Amami, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, anawachenjeza kangapo. "Bambo a Tadala, ana a kuno sakopera manotsi. Aonetseni mavidiyo." Adadi ankangopukusa mutu n'kunena kuti chimene mwana waloweza palibe angamulande. Masiku amenewo ankafika kunyumba fumbi la choko lili m'manja mwa jekete, n'kukhala nthawi yaitali asanavule nsapato.

Zinasintha chifukwa cha mnyamata wina wa m'kalasi mwawo, dzina lake Desmond, amene ankakhala kumbuyo osayankhula. Adadi atafika pa nthawi imene anthu akuda sankaloledwa m'matimu akuluakulu a bezibo, moti anachita kuyambitsa matimu awoawo, Desmond anakweza dzanja koyamba. M'mawa mwake anabwera ndi mpira wa bezibo wokulungidwa m'sokosi. Unali wa agogo ake, ndipo bambo a agogo akewo ndiwo anausewera m'timu ya anthu akuda ya m'katauni kena kummwera kwa Ontario. Osewera onse khumi ndi mmodzi anasainapo. Adadi, mwa chizolowezi chawo, anakopera mainawo m'kope nthawi yomweyo.

Tsiku limenelo anatsika masitepe a besimenti akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Analemba mainawo pa kabolodi, ndipo kwa masabata awiri ndinkawabwereza: Amos, Clyde, Lemuel, Otis, mpaka kumapeto. Mwina anandiuza kumene mainawo anachokera, koma ine maganizo anali pa TV. Kwa ine anali manotsi ngati ena onse. Chimene ndinamva bwino n'chakuti Lolemba lina mu Meyi ahedi adzabwera kudzaonerera phunziro, ndipo phunziro limenelo ndilo lidzagamule zonse. Desmond anachonderera agogo ake mpaka analola kuti mpirawo ugone kwathu, kuti adadi aukonzere kabokosi koonetsera. Lachisanu adadi anabwera nawo, n'kuuika m'sosala pamwamba pa kabati. "Chobwereka ichi," anatero. "Lolemba chibwerera kwa eni ake."

Tsono m'nyumba mwathu munali lamulo limodzi la amami limene silinkasweka: chobwereka sichibwerera chakuda. Tikabwereka poto wamkulu kwa Amayi Zulu, anthu a ku Chipata amene ankakhala pamwamba pathu, ndinkamukwecha ndi sitiluwulu mpaka ndidzione nkhope. Tsiku lina ndinabweza mbale ili ndi mafuta kunsi, ndipo khutu langa linadziwa. "Ukufuna anthu azinena kuti kwathu ndife auve?" anandifunsa amami. Lamulo limenelo linandilowa m'magazi, ndipo ndinkanyada nalo.

Lamulungu masana adadi ndi amami anapita ku Scarborough kukapepesa maliro, n'kundisiya kuti Amayi Zulu azindisuzumira. Ndinakwera pa mpando n'kutsitsa sosala ija. Mayo ine, uve wake! Mpirawo unali wabulauni ngati tiyi wa mkaka, ukununkha ngati sutukesi yakale, ndipo thupi lonse unali ndi timizere tokhotakhota tozimiririka. Kusukulu kwathu sankatiphunzitsa zilembo zolumikiza, ndiye ine ndinangoona ngati kamwana kanakhwatchakhwatchapo. Ndinawamvera chisoni adadi. Akaime pamaso pa ahedi atanyamula chinthu chotere, kenako achibweze kwa eni ake chili choncho?

Ndinathira madzi ofunda m'beseni, n'kutenga sopo ndi mswachi wakale. Dothi linachoka msanga, koma timizere tija tinkakanirira. Pamenepo ndinatenga botolo la jiki pansi pa sinki. Ndikukumbukira kuyabwa kwake m'maso, zala zanga zitayera n'kuchita makwinya, ndi ulusi wofiira wa mpirawo ukusanduka wotuwa. Ndinakwecha mbali zonse, osasiya ngakhale kadontho. Kenako ndinauyanika pazenera, pamene kadzuwa kankalowera, ndipo utauma ndinaubwezera m'sosala. Ndinakhala pa sofa manja ali pamiyendo, kudikira kuyamikiridwa.

Atabwera, adadi anaima patsogolo pa kabati jekete ili m'thupi. Amami ananunkhiza m'mwamba, n'kuyang'ana manja anga, ndipo ndinaona pakamwa pawo pakutseguka. Adadi anakweza dzanja. "Musatero, mayi a Tadala. Mwana wachita zimene tinamuphunzitsa." Anatenga mpirawo n'kupita nawo pansi pa getsi, akuutembenuza pang'onopang'ono, maso ali pafupi. Anafunafuna nthawi yaitali. Kenako analoza ndi chala pamalo poyera mbee, n'kunena motsitsa mawu, "Apa panali Lemuel." Pamenepo m'pamene ndinadziwa kumene manotsi anga anachokera.

Za Lolemba ndinazimva kwa amami patapita zaka. Adadi anaima pamaso pa kalasi, ahedi atakhala kumbuyo ndi kope lawo, n'kutulutsa mpira woyerawo m'sokosi. Anati iwo ndiwo anauchapa, posadziwa. Desmond anauyang'ana, n'kutuluka akumenyetsa chitseko. Ana ena anayamba kukuwa, ndipo phunziro limene adadi analikonzekera masabata awiri silinayambe n'komwe. Mpirawo unatsala patebulo, adadi n'kubwera nawo kunyumba.

Loweruka lotsatira adadi anavala suti yawo ya kutchalitchi n'kundiuza kuti ndivale diresi. Amami anaphika nkhuku yathunthu n'kuikulunga bwino, chifukwa kopepesa sapita chimanjamanja. Tinakwera mabasi awiri, mbale ikunditentha pamiyendo. Panja mitengo inali itaphuka, ndipo m'paki ina ana ovala zipewa ankaponyerana mpira. Ine ndinali nditatsimikiza kuti akukandipereka.

Agogo a Desmond anali munthu wamtali, wokalamba kwambiri, maso atachita ng'ala, atakhala pa mpando wa ndalema pafupi ndi zenera. Desmond anatitsegulira koma sanatipatse moni, anangotsamira pa chitseko cha kukhitchini manja atapinda. Anatilozera mipando, koma adadi anakana. Anagwada pa kapeti ndi suti yomweyo n'kupereka mpirawo ndi manja awiri. Mkuluyo anaupapasa, n'kuununkhiza, nkhope yake n'kukwinyika. Zonse ankayankhula m'Chingelezi, koma m'mutu mwanga zinakhazikika m'Chichewa. "Munthu wophunzitsa mbiri yakale n'kuchapa mpira wotere?" anafunsa. "Sizikundimvekera. Ndinu ndithu?"

Adadi anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanali maso a ukali ayi. Anali maso amene ndinkawadziwa bwino, a mphunzitsi amene akudikira mwana wodziwa yankho kuti akweze dzanja. Pakhoma panali wotchi imene inkagunda mokweza. Ine ndinazyolika n'kuyamba kuwerenga maluwa a pa kapeti. Ndinawerenga asanu ndi awiri. Kenako ndinamva adadi akupuma mozama.

"Ndine, bambo," anatero.

Kenako adadi, akadali chigwadire, anandiuza m'Chichewa, "Tadala, imirira. Maina aja." Ndinaimirira manja ali kumbuyo ngati mmene ankandiphunzitsira, n'kuyamba: Amos, Clyde, Lemuel. Pa Lemuel mkuluyo anatsinzina, chifukwa amenewo ndiwo anali bambo ake. Milomo yake inkayenda pamodzi ndi yanga. Nditafika kumapeto mkuluyo anati ndibwerezenso, ndipo ndinabwereza. Anati panali patatha zaka asakutha kuwaona mainawo, ndipo awiri anali atawaiwala. Koma mawu akuti ndakukhululukirani sanatuluke. Desmond sanatiperekeze, ndipo nkhuku tinaisiya patebulo ili chikulungire.

Mu Juni kunabwera kalata yowathokoza adadi chifukwa cha ntchito yawo. Anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda, n'kuilowetsa m'kope la chikuto cholimba lija. Pofika Julaye anali atavalanso nsapato za chitsulo kumphuno, akukwera basi ya kuweyahausi. Kabolodi kaja kanapita kuseri kwa wodiropu. Sanaphunzitsenso, ndipo nkhani ya mpira sanaitchulenso, ngakhale pa masiku amene ndinkawachitira mwano ndili mtsikana. Ndinkati ndidzawauza ndikamaliza sekondale, kenako ndikamaliza koleji, ngati kuti panali chowauza chimene sankachidziwa. Anamwalira ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, msana utatheratu.

Tsiku lija, tili m'basi pobwerera, ndinatsamira pazenera mtima uli m'malo. Ndinkaganiza kuti ndapulumuka, kuti adadi ananditenga kuti ndikangolakatula maina basi. Lero ndili ndi mwana wangawanga, ndipo ndikuona zimene anachita. Kusukulu ananama kuti anditeteze kwa anthu ambiri. Koma m'chipinda chija munali anthu anayi okha, ndipo mphunzitsi uja anandibweretsa pamalo abwino kwambiri oyankhira, n'kundidikira. Unali mpata wawo womaliza wophunzitsa, ndipo mwana wawo yekhayo m'kalasimo anawerenga maluwa a pa kapeti.

Ankanena zoona kuti chimene mwana waloweza palibe angamulande. Ndayesetsa kuti andichoke, koma mainawo alipo onse khumi ndi limodzi, m'ndondomeko yake. Oyeretsa akamadutsa m'wodi ndi chidebe cha jiki, milomo yanga imayamba yokha: Amos, Clyde, Lemuel. Ndikafika kumapeto ndimawonjezera yankho lija, "Ndine, bambo," koma onse amene ankalidikira anapita.