Mipesa ya Bambo

Ndinadzuka kusanache, kwaya italeka kuimba, amuna ena akugona chokhala patsinde pa mango. Sindinalowe m'siwa momwe munali amayi ndi thupi la bambo. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukaona mipesa ya bambo, chifukwa ndinali nditamva anthu akuthyola mitengo pofuna nkhuni. Nsichi ziwiri zinali zitazulidwa, mpesa umodzi uli pansi. Ndinauimika ndi kuumanga ndi luzi.

Bambo ali mnyamata anapita ku Jeremani ndi wansembe wina, nakagwira ntchito zaka ziwiri m'minda ya mphesa. Ankatiuza za mapiri otsetsereka oyang'ana kumtsinje, dothi la miyala yakuda, ndi mphesa zoyera zotchedwa Rizilingi zimene zimapsa mochedwa, chisanu chitayandikira. Mphesa zakuda, ankatero, sizichedwa kudwala, ndiye pobwera anatenga timitengo ta zoyerazo nadzabzala kuno kwa amayi, kumtunda kwa dambo la mpunga. Koma kwathu kuno kulibe chisanu. Mipesa inkangochuluka masamba, tizipatso take tating'onoting'ono towawasa. Anthu ankaseka, bambo osasiya.

Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itaphwa. Dzuwa litangotuluka anthu anayamba kufika: asodzi a ku Kachulu amene mabwato awo anali atakhala pamatope ouma, azimayi osenza ufa ndi nandolo, ndi anzawo a bambo achisilamu amene anakhala chete pamkeka wawo. Mphepo yotentha inkabweza utsi wa moto m'maso mwa ophika. Ine ndinalephera kukhazikika. Ndikakhala pansi, ndadzuka. Ndikapita kumadzi, ndaiwala ndowa.

Cha m'ma teni koloko matola anatsitsa achibale a bambo ochokera ku Songani. Bambo aang'ono analowa m'siwa, nalira pang'ono, kenako ndinawaona kuseri akuyenda pakati pa mipesa, manja kumbuyo. Anandikodola.

"Mitengoyi tinyamuka nayo lero," anatero. "Kwathu m'munsi mwa phiri kumazizira. Kuno ikungozunzika."

Mwina ankanena zoona, koma sindinafune kuti mipesayo ichoke.

Titatha mapemphero, adzukulu ananyamula bokosi. Njira ya kumanda inali fumbi lokhalokha, nyimbo ikuyamba kutsogolo, kumbuyo akuimba ina. Mitambo inasonkhana cha ku chilumba cha Chisi, inagunda kawiri, osagwetsa ngakhale dontho. Ndimachita manyazi kunena kuti pamene ankatsitsa bambo anga m'manda, ine maso anali pa bambo aang'ono, kuopa kuti angazembe n'kubwerera kunyumba.

Sanazembe. Anadikira anthu adye, kenako anabwereka khasu. Atangotema kamodzi patsinde pa mpesa woyamba, amayi anatulukira. Chimwalirire bambo, amayi anali asanalankhule ndi munthu. M'manja anali ndi kampeni kokhota ka bambo.

"Alamu, ikani khasulo," anatero motsitsa mawu. "Mukazula ndi dzuwa limeneli, mukafika nayo yakufa."

Anasankha nthambi zokhwima, nadula timitengo, kalikonse ka maso atatu, nakulunga m'chiguduli chonyowa.

"Mukabzale chopendeketsa, maso awiri m'dothi, limodzi kunja. Mizu itsala kuno."

Bambo aang'ono anayang'ana anthu amene anali ataunjikana, nalandira ndi manja awiri. Moyo wanga wonse ndinkamva amayi akudandaula kuti mipesa ikutha madzi ndi nthawi ya mwamuna wawo. Sindinkadziwa kuti ntchito yake ankaidziwa chonchi.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Panatsala phulusa, mikeka yopindapinda ndi azakhali awiri akuwodzera pakhonde. Amayi anandiitanira kuchipinda, natsegula sutikesi ya bambo. Pansi pa jekete panali botolo lalitali lobiriwira limene sindinalionepo.

"Anabwera nalo ku Jeremani," anatero. "Ankati tidzatsegula vinyo wathu akadzatheka, tifananize."

Tinavutika kuchotsa chotsekera mpaka tinachikankhira m'kati ndi msomali. Amayi anathira pang'ono m'kapu yachitsulo, nalawa, nakwinya nkhope.

"Feliya, zaka zonsezi timavutikira zimenezi?"

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kunasanduka kulira. Kenako anandipatsa kapu ija kuti nanenso ndilawe.