Guluu Woyera pa Mwala

Korali wofewa samatidwa ndi guluu. Phunziro limeneli ndinalilandira kwa agogo ena amene ndinkawasamalira ku North York, m'nyumba yosanja pafupi ndi pokwerera sitima yoyenda pansi pa nthaka. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwamwetsa mankhwala, koma manja awo atayamba kunjenjemera ndinayambanso kuwasamalira thanki yagalasi ya madzi amchere imene inali pabalaza pawo. Korali ndi kanyama ka m'nyanja kooneka ngati chomera. Wamtundu wofewa alibe chigoba. Ukamudula ndi lezala amatulutsa zoterera ngati therere, ndipo guluu sagwira pamenepo. Kachidutswako umakaika m'kabakuli pamodzi ndi timiyala, n'kuphimba ndi kansalu kaukonde kuti madzi asakakokolole. Kenako umadikira milungu iwiri kapena itatu mpaka kagwire mwala kokha.

Atatsala pang'ono kutisiya, agogowo anandipatsa korali wawo wamkulu, wotambasuka ngati bowa, kukula kwake ngati mbale. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisamamufulumizitse. Ndinagula thanki yanga. Kansalu kaukonde kanachokera pa velo ya ukwati wathu. Mayi akunyumba anandidulira m'mphepete mwake akuseka, n'kunena kuti sankadziwa kuti tsiku lija anavala chida cha asodzi.

M'mawa uliwonse ndinkawerenga Mawu pafupi ndi thankiyo ndisanapite kuntchito. Nyali ikayaka, korali ankatukula timanja take tambirimbiri, ine n'kumati mumtima: taonani, ngakhale cholengedwa chopanda liwu chikudziwa kulemekeza Mwini wake.

Mumpingo mwathu munali mbale wina wakwathu ku Ntcheu, woyendetsa galimoto yonyamula katundu ku Brampton. Atangofika m'dziko lino anagona pabalaza pathu nyengo yonse yozizira. Tinkadyera m'mbale imodzi, tinkasala kudya pamodzi, ndipo pemphero lake la pepala lomulola kugwira ntchito ndinalisenza ngati langa. Nayenso anakopeka ndi madzi amchere, n'kugula kathanki kake. Ndinamuphunzitsa zonse zimene ndinkadziwa, za guluu zomwe. Atandipempha kachidutswa, ndinamuuza kuti adikire, popeza korali anali kufundula khungu ndipo sinali nthawi yomudula. Ndinamulonjeza kuti Pasaka ikapita ndidzamudulira ndi manja anga.

Pasaka isanafike bambo anga anamwalira kumudzi. Tinanyamuka mothamanga ine ndi mayi akunyumba, ulendo wa milungu itatu. Sindinaganize kawiri za woti ndimusiyire kiyi. Pafiriji ndinamata pepala: kudyetsa nsomba, kuwonjezera madzi akaphwera, osakhudza kanthu kena.

Pobwera mbale uja anadzatichingamira kubwalo la ndege. Anatinyamulira zikwama mpaka m'nyumba, natigwira manja pabalaza n'kupemphera mpaka ndinalira. Nditapukuta misozi ndinaona kuti korali wachepa, wafota, ndipo wapendekeka pamwala pake.

"Anakusowani, achimwene," iye anatero. "Wakhala choncho chichokereni inu."

Ndinakhulupirira. Korali wamtundu umenewu amafota ndithu nthawi zina, n'kudzatsitsimuka yekha.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinapeza korali atagwa chafufumimba pamchenga. Nditamutola, kunsi kwake kunali kutawola, kukununkha. M'mphepete mwake munali mabala anayi owongoka, a lezala. Pamwala pamene anakhala zaka zonsezo panali chikhakha choyera cha guluu wouma. Ndinachikanda ndi chikhadabo kwa nthawi yaitali, ngati kuti chisanduka chinthu china.

Lamulungu, mapemphero atatha, ndinamupeza mbale uja m'chipinda chapansi mmene timamwera tiyi. Ndinatulutsa mwala uja m'thumba la jekete n'kuuika pafupi ndi kapu yake. Anatakasa tiyi mpaka anazizira. Kenako anavomera. Anali atalonjeza anzake atatu akuntchito kuti adzawapatsa zidutswa, ndipo chachinayi chinali chake. Kuti adule bwino anazula korali pamwala. Tsiku lathu lobwera litayandikira, anaona kuti kudikira kwa milungu itatu sikutheka, basi n'kumata. Zidutswa zinayi zija nazonso zinamatidwa, ndipo zonse zinali zitafa kale.

"Ndinkati simudzadziwa," anatero. "Paja munanena nokha kuti amaphukanso."

"Nanga pemphero lija?" ndinamufunsa. "Munandigwira dzanja, guluu ali kumbuyo kwanu."

Anangoyang'ana mwalawo.

Kudulako ndikanakupirira. Munthu amalakalaka, amagwa, amadzuka. Koma iye anadziwa bwino lomwe kuti guluu sagwira. Sanamate pofuna kupulumutsa korali. Anamata kuti aimirire masiku ochepa okha, okwanira kuti imfayo ichitikire m'manja mwanga, ine ndizidziimba mlandu. Akanandiimbira foni ndili kumaliro, ndikanamuuza pamene panali kabakuli ndi kansalu, ndipo lero korali akanakhalapo.

Pa korali yense ndinapezapo kagawo kamodzi kamoyo, kochepa ngati nsonga ya chala. Ndinakadula mosamala, ndinakatsuka m'madzi amchere atsopano, n'kukaika m'kabakuli pa timiyala. Mayi akunyumba anatsitsanso velo ija pamwamba pa wadiropu, ulendo uno osaseka.

Sabata yotsatira unali Mgonero. Ndimadziwa chimene Ambuye amafuna kwa munthu amene ali ndi kanthu ndi mbale wake asanayandikire gome. Ndinafufuza mumtima mwanga, sindinapezemo chikhululukiro, ndipo sindinafune kunamizira pamaso pa Iye amene amaona zobisika. Mbale ya mkate itafika pamzere wathu, ndinaipatsira mnzanga wapambali. Mbale wanga uja anali mizere iwiri kutsogolo. Ndinamuona akutenga mkate, akudya.

Kachidutswa kaja kanagwira mwala patapita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Lero kakula ngati chivindikiro cha botolo, ndipo nyali ikayaka kamatukula timanja take. Kiyi anabwera nayo mkazi wa mbale uja, ili mu envelopu, popanda kalata. Ndinaipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Mbaleyo ndimamutchula m'pemphero m'mawa uliwonse, chifukwa ndinalamulidwa kutero, koma Mgonero wadutsa katatu tsopano ine ndili chikhalire.