Njinga ya Malume M'pepala Lakuda

Chaka changa choyamba ku Perth ndinkakhala kwa malume anga, achimwene awo a mayi, ku Bentley. Masiku atatu pa sabata ndinkapita kusukulu ya ntchito zamanja, masiku enawo ndinkalongedza katundu m'nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu ku Kewdale. Kuti ndifike kuntchitoko ndinkakwera mabasi awiri, ndipo yachiwiriyo ikangondisiya ndinkafika mochedwa.

Malume amawotcherera zitsulo kumigodi ya kumpoto. Anali ndi njinga yamoto yofiira, yosakula kwenikweni, imene ankaikwera akabwera kudzapuma. Akazi awo, amene ndimawaitana kuti anti, ndi namwino, ndipo anali atalamula kale kuti miyezi yamvula njingayo isamatuluke, chifukwa anatopa kuona anthu othyoka miyendo kuchipatala. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Juni.

Chaka chimenecho malume anatenga tchuthi chachitali kuti apite ku Malawi kukayang'anira nyumba imene ankamanga. Tsiku lonyamuka, zikwama zili kale m'galimoto, anandiitanira pakhonde loimikapo magalimoto. Khondelo lili ndi denga koma mbali ziwiri zilibe khoma.

"Mphwanga, njingayi uikonze kuti igone mpaka Seputembala. Zonse zili m'katoni yanga iyo," anatero, akuloza pashelefu. Anawonjezera mawu angapo m'Chingerezi, mothamanga, uku akuyang'ana wotchi. "Ndikadzaipeza ili bwino, udzayamba kuphunzira kuyendetsa. Mabasi ako aja udzatsanzikana nawo. Wamva?"

"Ndamva, ankolo."

Sindinamve zonse. Koma kwathu munthu wamkulu akamafulumira sumubweza ndi mafunso, ndipo sindinafune kuti aone ngati sindidziwa kanthu za njinga. Katoniyo inali yomata ndi tepi, pamwamba atalembapo dzina lawo. Ndinaganiza kuti akundisonyeza kumene kuli zinthu zawo kuti ndisazisokoneze. Sindinaikhudze.

Kusunga njinga ndinkakudziwa, kapena ndinene kuti ndinkakudziwa mmene timachitira kumudzi kwathu ku Ntchisi. Msuweni wanga anali wakabaza, ndipo mvula ikakula msewu n'kuterera, njinga yake inkagona m'nyumba milungu ingapo. Choyamba tinkakhetsa petulo yense, chifukwa denga linali laudzu ndipo moto unali pafupi. Petulo wosiyidwa m'thanki ankathanso yekha, kapena ankathandizidwa kutha ndi anyamata a m'mudzi. Kenako tinkaphwetsa matayala pang'ono kuti machubu apume. Pomaliza tinkaikulunga ndi pepala lakuda lofolera nyumba, popeza dengalo linkadontha.

Loweruka lotsatira ndinachita zomwezo, ndipo ndinazichita mosamala kwambiri. Ndinatsuka njingayo ndi sopo ndi madzi a paipi mpaka inawala. Ndinakoka petulo ndi kapaipi n'kumuthira m'chigubu, ndikugwedeza njingayo kuti pasatsale ngakhale dontho. Ndinaphwetsa matayala. Ndinagula pepala lakuda lokhuthala, ndipo poti kumwamba kunali kutayamba kuda, sindinadikire kuti njinga iume. Ndinaikulunga kawiri, n'kumanga ndi chingwe kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pansinso ndinatseka kuti mphepo isalowe.

Anti pobwera kuntchito anaima n'kuyang'ana.

"Koma ndiye wamanga ngati belo la fodya. Amalume ako anakuuza choncho?"

"Anati igone bwino, anti."

"Chabwino. Za njinga ine sindilowererapo."

Panapita milungu isanu. Mvula inkagwa masiku ambiri, yoomba cham'mbali, ndipo nthawi iliyonse ndikamadutsa pakhondepo ndinkakondwa kuona madzi akutsetsereka papepala osalowa.

Kuntchito ndinkagwira ndi bambo wina wa ku Zambia, woyendetsa foloko yonyamulira katundu, amene ankabwera panjinga yake kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi ndinamuonetsa chithunzi pafoni. Ndinkafuna kuti andiyamikire.

Anachikulitsa ndi zala, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ankakonda kundiitana kuti mwaiche, kutanthauza mwana wamng'ono.

"Mwaiche, iyi ni njinga olo ni maliro?"

Ndinamufotokozera zonse, ndikutsindika kuti petulo ndinachotsa yense.

"Yonse? Manje mu tanki muli chani?"

"Mulibe kanthu."

"Muli mphepo, na mphepo ya kuno ili na manzi. Tanki ya empty imachita rust mukati. Na pulasitiki iyo, manzi yangena siyachoka. Wainyika njinga ya bamalume bako. Pita ukavule lelo lamene."

Madzulo ake, kusanade, ndinamasula chingwe. Mkati mwa pepala munali madontho okhaokha, ndipo munatuluka fungo la chinyontho ngati la nyumba yotsekedwa chaka chonse. Tcheni chinali chitafiira ndi dzimbiri. Ekizozi inali ndi timadontho tofiirira paliponse, mpando unali ndi nkhungu yoyera m'misoko. Ndinatsegula thanki n'kuunikamo ndi foni. Pansi pake panali mawanga achikasu. Nditadina batani loyatsira, panangomveka kaphokoso kamodzi, basi.

Ndinakhala pansi pakhondepo. Ndinaganiza zokonza ndekha mwakachetechete, popeza kunali kutatsala milungu isanu ndi iwiri. Koma ndekha ndi mmene ndinafikira pamenepa, ndipo za mkati mwa thanki sindinkadziwa poyambira. Ndinauza anti. Iwo sanakalipe. Anangoti, "Uwaimbire wekha. Ine sindikhala mthenga wako."

Ndinaimba Lamlungu masana, kwathu kuli m'mawa. Malume anayankha ataima pafupi ndi mulu wa njerwa. Ndinawalonjera, ndinafunsa za mayi, za amisiri, za nyengo. Anandidula.

"Mphwanga, sunaimbire nyengo. Chachitika n'chiyani?"

Ndinatembenuza foni kuti aone okha. Anandiuza kuti ndiyandikitse patcheni, kenako paekizozi, kenako m'thanki. Ndinkamva munthu akusakaniza simenti kumbuyo kwawo.

"Katoni ija unatsegula?"

"Ayi, ankolo. Munati ndi yanu."

"Ndi yanga, inde. Njinganso ndi yanga, koma imeneyo unaigwira ndithu. Katsitse."

M'katonimo munali nsalu yophimbira njinga, yopepuka, yolola mpweya kudutsa. Munali kachaja ka batire, kabotolo ka mankhwala othira m'petulo kuti asawonongeke akakhalitsa, mafuta a tcheni, kaburashi, ndi pepala limene malume analembapo ndi dzanja lawo zochita zisanu ndi chimodzi. Choyamba chinali kudzaza thanki mpaka pakhosi.

"Werenga mokweza," anatero, ndipo ndinawerenga.

"Pali chimene sunamve?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti palibe. Kenako ndinati sindidziwa kuti waya wofiira wa chaja upita mbali iti. Anandisonyeza. Ndinafunsanso za mpweya wa m'matayala, ndi kuchuluka kwa mankhwala. Tinatha pafupifupi ola. Za kuphunzira kuyendetsa sanatchule, nanenso sindinafunse.

Sabata imeneyo ndinapukuta njinga yonse n'kuisiya iume. Tcheni ndinachitsuka ndi parafini mfundo imodziimodzi, n'kuchipaka mafuta. Ndinapopa matayala, ndinagula petulo watsopano n'kudzaza thanki, ndinalumikiza chaja. Mpando unayera. Ekizozi ndinaipukuta masiku anayi, koma timadontho tina tinali titadya chitsulo ndipo tinakana kuchoka. Chilichonse chimene ndinachita ndinkajambula n'kutumiza ku Malawi. Yankho linkakhala kachithunzi ka chala chachikulu basi.

Malume anabwera mkati mwa Seputembala. Tsiku lachiwiri anachotsa nsalu n'kuzungulira njingayo pang'onopang'ono. Anagwada pa ekizozi, n'kupalapo ndi chikhadabo. Atadina batani injini inalira, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Anayenda mpaka pakona ya msewu wathu, injini inatsokomola n'kuzima. Anabwera akuikankha.

"Dzimbiri la m'thanki latseka sefa ya petulo. Bweretsa masipanala."

Tinatsitsa thanki, tinaitsuka mkati katatu ndi mankhwala ochotsa dzimbiri, tinaiumitsa padzuwa, malume anakagula sefa ina. Ntchitoyo inadya Loweruka lonse ndi theka la Lamlungu. Ankandipatsa sipanala kuti ndimange ndekha, iwo akuyang'ana, ndipo bawuti ikalowa mokhota ankandimasulitsa. Titamaliza anatuluka nayo kwa theka la ola. Ine ndinatsala ndikusonkhanitsa nsanza.

Pobwera anavula chipewa n'kukhala panjingapo osatsika.

"Ndinati ndikaipeza ili bwino. Sindinaipeze ili bwino."

"Zoona, ankolo."

"Ndiye Seputembala ndi Okotobala ukwerabe mabasi ako. Loweruka lililonse limene ndili kuno tizikhala pano, undionetse kuti ukuidziwa. Novembala ukalembe mayeso a laisensi."

Ndinalemba sabata yoyamba ya Novembala ndipo ndinakhoza. Phunziro loyamba tinachitira pabwalo loimikapo magalimoto ku Kewdale, Lamlungu masana kulibe malole. Ndinazimitsa injini mosafuna kasanu ndi kawiri ndisanayende mtunda wokwana nyumba imodzi.